Acinyamata a Ufulu Anasiya Ciani, Ndipo Cili Kuti?

Caka ciliconse pa 12 March ana athu amavala mayunifomu ocapa bwino n'kuguba m'misewu ya mu Chipata kumbuyo kwa bandi. Akuluakulu a boma amakamba mau ao, magulu a zovina amaonetsa luso lao, ndipo dzuwa likafika paliwombo aliyense amabalalika kukafuna ca m'kamwa. Tsikuli timalichula kuti Youth Day. Koma mutaimitsa mwana mmodzi mwa ogubawo n'kumufunsa kuti acinyamata amene tikuwakumbukirawo anali ndani, anali kukumana m'nyumba iti, ndipo anasiya ciani cimene munthu angacigwire ndi manja, yankho lake lingakhale lalifupi kwambiri. Mwanayo sitingamuimbe mlandu. Ifenso akuluakulu, funso lomwelo litatipeza, ambiri tingayambe kukanda m'mutu.

Gulu lalikulu koposa la acinyamata okonda dziko lao limene Zambia anakhalapo nalo linali la cipani ca UNIP. Poyamba linali kuchedwa Youth Brigade, pambuyo pake Youth League. Linali ndi nthambi m'matauni ndi m'midzi, linali ndi atsogoleri ake, ndipo malipoti ake anali kupita ku likulu la cipani ku Lusaka. Ife a kuno Kum'mawa nkhaniyi imatikhudza pafupi, cifukwa mkulu woyang'anira gululi pa nthawi yomenyera ufulu anali a Dingiswayo Banda a ku Lundazi, amene anadzakhala nduna m'boma loyamba la dziko lino mu 1964.

Kumene mkwiyo unacokera

Mnyamata wa ku Fort Jameson wa m'zaka za m'ma 1950 anabadwira m'dziko lopanikizika. Malo abwino ambiri ozungulira tauni anali atatengedwa kale ndi kampani ya North Charterland ndi alimi a fodya acizungu, eni nthaka n'kukankhidwira m'malo osungidwira anthu akuda momwe minda inali kutha mphamvu caka ndi caka. Msonkho unali kufunika ndalama, ndipo ndalamazo zinali ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni, ku Kabwe ndi ku migodi ya ku Copperbelt. Mnyamata akangomera ndevu anali kunyamula kathumba ndi citupa cake n'kuuyamba ulendo. Uko n'kumene ambiri anamvera koyamba za mabungwe a anchito ndi za ndale, ndipo pobwerera kumudzi anali kubwera ndi njinga, bulangeti ndi nkhani zatsopano.

Mu 1953 Angerezi anamanga Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland anthu akuda akukana. Cipani cimene cinali kutsogolera kukanako cinali African National Congress ca a Harry Nkumbula. Mu October 1958 a Kenneth Kaunda, a Simon Kapwepwe ndi anzao, poona kuti zinthu zikuyenda mozengereza, anapatuka n'kupanga Zambia African National Congress. Cipanico sicinakhalitse. Mu March 1959 boma la atsamunda linaciletsa, atsogoleri ake n'kuwamwaza kumadera akutali. A Kaunda anawatumiza ku Kabompo, kenako kundende. UNIP inabadwa mu October caka comweco pansi pa a Mainza Chona, ndipo a Kaunda atatuluka m'ndende mu January 1960 anapatsidwa mpando.

Cipani copanda ndalama, copanda wailesi, cokhala ndi galimoto zowerengeka, cinali kuyenda ndi miyendo ya acinyamata. Iwo ndiwo anali kupalasa njinga kupita ku midzi kukagulitsa makhadi, kumemeza misonkhano, kulondera atsogoleri usiku ndi kuyambitsa nyimbo. Mmodzi akafuula kuti "Kwacha!" khamu lonse linali kuyankha kuti "Ngwee!", ndipo mau awiriwa anazika mizu kotero kuti mu 1968 anakhala maina a ndalama zathu. Utatha msonkhano wa ku Mulungushi wa mu July 1961 kunabuka cipolowe cija ca Cha Cha Cha. Anthu anaocha zitupa, anagwetsera mitengo m'misewu, anaononga milatho ndi nyumba za boma, makamaka ku Northern ndi ku Luapula. Anthu zikwi zingapo anamangidwa, ena anaphedwa ndi asilikali ndi apolisi. Ku Kitwe kuli ciboliboli ca munthu woponya mwala, cochedwa Mposa Mabwe, cokumbutsa kuti cida ca acinyamatawo nthawi zambiri cinali mwala wotola pansi.

Maina a akuluakulu a kuno kwathu timawadziwa. A Reuben Kamanga, obadwa mu 1929 kuno ku Chipata, anakhala waciwiri kwa pulezidenti woyamba pa 24 October 1964 ali ndi zaka 35 cabe. A Grey Zulu, obadwanso kuno mu 1924, anadzakhala mlembi wamkulu wa cipani. A Rupiah Banda, amene anabadwira ku Gwanda makolo ao atapita kukafuna nchito ku Southern Rhodesia, analowa m'gulu la acinyamata a UNIP mu 1960, ndipo patapita zaka 48 anakhala pulezidenti wa dziko. Koma kumbuyo kwa dzina lililonse lochuka kunali anyamata ndi atsikana mazanamazana a ku Kapata, ku Katete, ku Chadiza, ku Petauke ndi ku Lundazi amene maina ao sanalembedwe pa msewu uliwonse.

Likulu losamukasamuka

Wofuna kuona kumene gululi linali kulandirira malangizo ayenera kukwera basi ya pa Great East Road, ulendo wa makilomita oposa 550. Ku Matero kuli nyumba nambala 3144, kanyumba ka m'komboni, imene inali likulu la UNIP kuyambira 1959 mpaka 1961. Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394, momwe a Kaunda anakhala kuyambira January 1960 mpaka December 1962. Mkati mwake muli mipando, mabedi ndi ziwiya za banja lao, ndipo panja pali Land Rover imene inagwira nchito pa nkhondo ya ufulu. Nyumba zonse ziwirizi boma linazilengeza kuti ndi zikumbutso za dziko. Munthu ukalowamo cimene cimadabwitsa ndi kucepa kwake. Mfundo zimene zinagwedeza boma la Angerezi zinali kumangidwa m'cipinda cosaposa sitolo ya pa Saturday Market.

Cipani citakula cinasamukira ku Freedom House, dzina limene kwa zaka pafupifupi 30 linali kutanthauza mphamvu. Kuyambira December 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi, ndipo kalata yocokera ku Freedom House inali kulemera kuposa ya nduna zina. M'zaka za m'ma 1980 cipani cinayamba kumanga likulu latsopano, cinyumba cacitali ca pa Independence Avenue, ndipo pambali pake anakonza zoti pakhale nyumba yoonetsera mbiri ya nkhondo ya ufulu. Masankho a pa 31 October 1991 anafika nchitoyo isanathe. UNIP inagonja kwa MMD ya a Frederick Chiluba, boma latsopano linatenga nyumbazo, cinyumba cacitali cija n'kukhala maofesi a boma amene lero timawachula kuti Government Complex. Nyumba yoonetsera mbiri inatsegulidwa mu 1996 ndi dzina lakuti Lusaka National Museum, ndipo nkhani imene imafotokoza inakula kukhala ya dziko lonse.

Patsogolo pa nyumbazi paima Freedom Statue, cifanizo ca munthu wodula maunyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974 pokondwerera zaka 10 za ufulu. Takhala tikuciona pa ndalama zathu za pepala kwa zaka zambiri. Munthu amene cifanizoci cimaimira ndi a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, amene anali mmodzi wa acinyamata a UNIP. Conco cikumbutso codziwika kwambiri m'dziko muno ndi ca mnyamata wa gulu lomweli, ngakhale kuti ambiri amene amajambulitsa zithunzi pamenepo sadziwa dzina lake.

Gululi linabalanso mwana amene akali ndi moyo. Mu 1963 UNIP inapanga Land Army, gulu la acinyamata lokonzekera kumenya nkhondo ngati zokambirana za ufulu zikanalephereka. Ufulu utabwera mwamtendere gululo linasanduka Zambia Youth Service, lophunzitsa ulimi ndi nchito za manja, ndipo mu 1971 linakhala Zambia National Service. Kuyambira 1975 mpaka ca m'ma 1980 aliyense wotsiriza Form 5 anali kuyenera kupita ku kampu kukaphunzira za usilikali ndi kulima. Amene amadutsa pa kampu ya Chiwoko ku Katete akuona mphukira ya mtengo umene unabzalidwa m'masiku a Youth Brigade.

Mapepala anapulumuka bwanji

Cipani ca UNIP cinali kukonda kulemba. Mlembi wa nthambi anali kulembera wa dera, wa dera n'kulembera wa cigawo, wa cigawo n'kulembera Freedom House, zonse pa taipi ndi kaboni pakati. Munali mfundo za misonkhano ya Central Committee, malipoti a m'zigawo, makalata a madandaulo, maina a mamembala, mawerengero a ndalama za makhadi, ndi mafaelo a magulu a amai ndi a acinyamata. ANC italowa mu UNIP potsatira pangano la ku Choma la mu June 1973, mapepala ake akale anadzapezekanso m'nkhokwe yomweyo, kotero kuti zipani ziwiri zimene anyamata ake anali kuponyerana miyala zinagona pa mashelefu amodzi. Katswiri wa mbiri a Mwelwa Musambachime analemba nkhani yofotokoza za nkhokweyi mu 1991, caka comwe cipanico cinacoka m'boma.

Apa panali vuto limene anthu ambiri saliganizira. Mafaelo a boma amapita ku National Archives of Zambia mwalamulo, ndipo kumeneko n'kumene kuli mabuku akale a ma DC a ku Fort Jameson. Koma mapepala a UNIP anali katundu wa cipani, ngakhale kuti kwa zaka 27 cipanico ndico cinali kuyendetsa dziko. Citacoka m'boma cinasauka, ndipo cipani cosauka cimayamba caganiza za lendi ndi masankho, mafaelo akale n'kubwera kumapeto. Fumbi, cinyezi ndi tizilombo sizifunsa kuti pepala ili analisaina ndani.

Thandizo linacokera kutali. Ca m'ma 2007 nthambi ya British Library yopulumutsa zolembedwa zimene zili pangozi, yochedwa Endangered Archives Programme, inapereka ndalama ku nchito yotsogoleredwa ndi katswiri wa mbiri Giacomo Macola yojambula mapepala a UNIP ndi a ANC tsamba ndi tsamba. Zithunzizo pambuyo pake zinaikidwa pa intaneti. Pali cinthu coseketsa ndi cocititsa manyazi pamodzi pamenepa: makalata a anthu amene anathamangitsa Angerezi anasungika ndi thandizo la nyumba ya mabuku ya ku London. Ngakhale n'tero tiyenera kuyamikira, cifukwa mphunzitsi wa mbiri wa ku Chizongwe kapena ku St Monica's angathe kuwerenga pa foni yake zimene kale zinali kufuna ulendo wa ku Lusaka ndi cilolezo ca akuluakulu a cipani.

Koma nkhokwe ya likulu imasunga zimene likulu linali kufuna kumva. Mapepala ambiri ali m'Cingerezi, olembedwa ndi amuna amene anapitako ku sukulu, polembera mabwana ao. Mnyamata amene anapalasa njinga kucokera ku Fort Jameson mpaka ku Chadiza makhadi atawabisa m'thumba la ufa angaonekemo ngati nambala cabe, pa mzere wa makhadi ogulitsidwa mwezi umenewo. Mai amene anaphikira msonkhano wa usiku, kapena mtsikana amene anayambitsa nyimbo m'Cinsenga kapena m'Citumbuka, kawirikawiri mulibemo n'komwe.

Mbali imene sitikonda kuikamba

Nyumba yosungira mbiri ikasunga zokoma zokhazokha imakhala ngati cithunzi ca ukwati, momwe aliyense akumwetulira. Acinyamata omwewo amene anatibweretsera ufulu anacitanso zinthu zimene mabanja ena sanaziiwale. Ufulu usanabwere anyamata a UNIP ndi a ANC anali kumenyana ndi kuocherana nyumba. Utabwera, acikulire ambiri amakumbukira kuimitsidwa pa cipata ca msika kapena pokwerera basi ndi anyamata ofuna kuona khadi la cipani, wopanda khadi n'kubwezedwa ndi dengu lake pamutu.

Coopsa koposa cinacitika mu 1964, patangotsala miyezi yowerengeka kuti mbendera yatsopano ikwere. Mpingo wa Lumpa wa a Alice Lenshina unali utakana makhadi a cipani, anthu ake n'kudzimangira midzi yaoyao ya malinga. Udani umene unakula pakati pa iwo ndi a UNIP ku Chinsali unafika mpaka ku Lundazi. Pa 3 August 1964 a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, n'kupha anthu ambiri. Patapita masiku ocepa, anthu obwezera anazinga mudzi wa a Lumpa wa Paishuko n'kupha anthu oposa 40, amai ndi ana omwe. M'nkhondo yonseyo, imene asilikali a boma analowererapo, munafa anthu oposa 700. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 a Mboni za Yehova nawonso anazunzika m'madera ena a dziko lino cifukwa cokana makhadi, nyimbo ya fuko ndi kucitira sailuti mbendera.

Tsidya lina la malire a pa Mwami zinthu zinafika poipa kuposa apa. Gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963 pansi pa a Kamuzu Banda, linaphunzitsa acinyamata ulimi ndi umisiri, koma linakhalanso cikwapu ca cipani ca MCP, lokhala ndi mfuti zakezake. Mu 1972 a Mboni zikwizikwi a ku Malawi anathawa nkhanza n'kudzaunjikana pa kampu ya Sinda Misale, kuno kwathu kufupi ndi malire, ndipo ambiri, makamaka ana, anafera pamenepo ndi matenda. Mu December 1993, apayoniya atapha asilikali ku Mzuzu, gulu lankhondo la Malawi linaukira likulu lao ku Lilongwe ndi makampu ao m'dziko lonse pa cimene cinachedwa Operation Bwezani, apayoniya ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Likulu likamagwa ndi zipolopolo palibe amene amaganiza zonyamula mafaelo. Lathu linagwa ndi voti, ndipo ici n'cimodzi mwa zifukwa zimene mapepala ake alipobe.

Zimenezi tikuzikamba cifukwa sizinathe. M'zaka zaposacedwa taona makada a zipani zosiyanasiyana akulanda misika ndi masiteshoni a mabasi, akutolera ndalama ndi kuopseza anthu. Mwana amene wawerenga momwe mnyamata wa mu 1961 anasandukira mlonda wa pa cipata ca msika mu 1975 angathe kuzindikira msanga pamene wandale akumupatsa tisheti ndi mowa kuti akagwire nchito yofananayo.

Phunziro la ku Feni

Sitinganene kuti kusunga mbiri ndi luso la Azungu lokha, pakuti umboni uli pakhomo pathu. Acinyamata oyamba kukana atsamunda m'dera lino anali ankhondo a Angoni otsogoleredwa ndi Nsingo, mwana wa Inkosi Mpezeni. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti za Maxim, n'kulowa ku Luangeni. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inaochedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa n'kuomberedwa mu February caka comweco. Mpezeni anasungidwa kwa kanthawi ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, ndipo anamwalira mu 1900. Pa nthaka yolandidwayo ndi pamene panakula Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911.

Mwambo wa Nc'wala unazima pambuyo pa nkhondoyo, ndipo unakhala cizimire kwa zaka zoposa 80. Unatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo lero Loweruka lotsiriza la February anthu amadzaza ku Mtenguleni. Unatheka kubwerera cifukwa nkhalamba zinasunga kavinidwe, nyimbo ndi dongosolo lake m'mitu mwao, n'kumapatsira ana. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma pa nkhani iyi anali ngati citsa cimene cimasunga moto pansi pa phulusa mpaka m'mawa. Tsopano ku Feni kuli Nsingo Community Museum, nyumba yosungira zinthu za Angoni yochedwa dzina la mnyamata uja amene Angerezi anafuna kuti aiwalike. Acewa nawonso amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba caka ciliconse mu August, ndipo Gule Wamkulu, amene amishoni anayesa kumuthetsa, analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005.

Ngati tinatha kusunga za mu 1898, za mu 1961 siziyenera kutivuta. Kusiyana kwake n'kwakuti mbiri ya Angoni ndi ya Acewa ili ndi eni ake, mafumu ndi miyambo ya caka ndi caka, pamene mbiri ya Youth Brigade inatsala yamasiye. Cipani cimene cinali mwini wake cinafooka, zipani zobwera pambuyo sizinaione ngati yao, ndipo ife tinaganiza kuti za ndale zakale n'za ku Lusaka.

Zimene zili m'mathiranki mwathu

Ambiri a ife taonapo zimene zimacitika maliro a nkhalamba akatha. Abale amakhala pansi kugawana katundu. Njinga, wailesi, jekete ndi makasu zimapeza eni ake msanga. Kenako wina amatsegula thiranki yacitsulo ya pansi pa bedi, n'kupeza mtolo wa mapepala ofiirira omangidwa ndi mphira. Amayang'ana ngati muli buku la ku banki kapena pepala la munda, ndipo zotsalazo zimapita kukayatsira mbaula kapena kukulungira fodya. Mumtolomo mumakhala khadi la cipani la mu 1962, citupa, malisiti a msonkho, kalata yocokera ku Wankie, cithunzi ca anyamata asanu ataima ndi njinga zao, satifiketi ya ku National Service, mwinanso kabuku momwe mlembi wa nthambi anali kulemba maina a obwera ku msonkhano. M'bokosi la ambuya aakazi mumakhala citenje ca cipani ca nkhope ya a Kaunda, copindidwa bwino, cimene adzukulu amacisandutsa cokolopera.

Zinthu zimenezi ndizo mbali ya nkhani imene ku Freedom House kunalibe. Khadi limodzi limauza dzina la nthambi, dzina la amene analisaina, mtengo wake ndi caka. Makhadi 50 a m'dera limodzi angaonetse momwe cipani cinalowera m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Madzimawe kapena kwa Kawaza, ndiponso kumene cinakanidwa. Cithunzi copanda maina n'cokongola cabe, koma cikalembedwa kumbuyo kuti uyu ndi uje wa mudzi wakuti, cimasanduka umboni.

Nthawi yatsala pang'ono. A Kamanga anamwalira mu 1996, a Grey Zulu mu 2020, a Kaunda pa 17 June 2021, a Rupiah Banda pa 11 March 2022. Munthu amene anali ndi zaka 18 pa tsiku la ufulu lero ali ndi zaka pafupifupi 80. Ngakhale aja anapita ku National Service mu 1975 akuyandikira 70. Caka ciliconse nyengo yozizira imatenga ena mwa iwo, ndipo aliyense amapita ndi maina a anzake amene palibenso wina angawachule.

Nchito yake siifuna ndalama zambiri. Foni imene tili nayo m'thumba imajambula mau ndi zithunzi bwino kuposa makina amene akatswiri anali nao zaka 30 zapitazo. Tikhale pansi ndi okalamba athu, tiwafunse mwaulemu ndi mosathamanga: "Ambuya, khadi loyamba munaligula kwa ndani? Misonkhano munali kucitira pansi pa mtengo uti? Tsiku la ufulu munali kuti, ndipo munadya ciani?" Tifunsenso amene anali a ANC, a Lumpa, a Mboni, ngakhale amene anali amesinjala ndi apolisi a boma la atsamunda, pakuti naonso anaona ndi maso ao. Wina akakana kukamba za cinthu cowawa tisamukakamize, ndipo akapempha kuti dzina lake lisachulidwe tisunge pempholo. Poyamba kujambula tichule tsiku, mudzi, mfumu ya deralo ndi dzina la wokambayo.

Mapepala akale amafuna malo ouma, okwera, kutali ndi khoma limene ciswe cimadutsa. Tisawamate ndi selotepi kapena kuwapititsa ku lamineshoni, cifukwa zomatirazo zimadya pepala pakapita zaka ndipo sizimatukanso. Envulopu yaikulu kapena faelo ya katoni ndi yokwanira. Kumbuyo kwa cithunzi tilembe ndi pensulo, popeza inki ya bolopeni imalowerera mpaka kumaso kwa cithunzico. Ciliconse ticijambule ndi foni mbali zonse ziwiri, n'kutumizako kwa abale awiri kapena atatu, kuti foni imodzi ikatayika zonse zisapite nayo. Banja limene silingathe kusunga lingakambirane ndi anthu a ku museum ya ku Feni, a National Archives kapena a National Heritage Conservation Commission, bungwe limene lamulo la mu 1989 linalipatsa udindo wosamala zikumbutso za dziko.

Aphunzitsi a mbiri m'masukulu athu angathandize kwambiri. Kalasi imodzi ya ana 40, aliyense atabweretsa nkhani imodzi yojambulidwa kwa agogo ake ndi cithunzi ca cinthu cimodzi cakale, ingasonkhanitse m'temu imodzi zimene katswiri wocokera kunja angazitolere caka cathunthu. Masukulu khumi atacita zimenezi kwa zaka zitatu, Chipata, amene anakhala mzinda mu February 2017, angakhale ndi cipinda cakecake ca mbiri ya ufulu, momwe mwana wa ku Kapata angawerenge dzina la agogo ake pakhoma m'cinenero cimene amakamba kunyumba. Moto Moto Museum ya ku Mbala inayamba ndi zinthu zimene wansembe mmodzi, Jean-Jacques Corbeil, anali kutolera pang'onopang'ono m'midzi, ndipo lero ndi imodzi mwa nyumba zazikulu za mbiri m'dziko muno.

Pa 12 March pakubwerapa ana adzagubanso, bandi idzalira, akuluakulu adzakamba. Zikatha, m'malo mobalalikira ku Down Shops, titenge mwana mmodzi wa yunifomu uja, foni yochaja bwino, pensulo ndi kapaketi ka shuga, tipite kwa ambuya. Tikapereka moni ndi kumwa madzi, tiwapemphe kiyi wa thiranki ija.